Bolodi la pa Geti

Pa geti la munda wa nzimbe, kuseri kwa Nchalo,
pali bolodi limene ndimalembapo ndi choko:
masiku 183 opanda ngozi.
M'mawa uliwonse ndimafufuta ndi chala chamalovu, n'kuwonjezera limodzi,
abwana podutsa pa njinga yamoto amandikwezera dzanja.

Ntchito yanga ndi kubwereza.
Mu Epulo amabwera atsopano, a ku Tengani, a ku Makhanga,
mapazi ong'aluka, zikwanje zokulunga m'saka.
Ndimawaimika pansi pa mthethe dzuwa lisanapse mtima:
chikwanje chizilowera kumene kulibe mwendo wako,
siya mikono itatu pakati pa iwe ndi mnzako,
imwa madzi ludzu lisanakuitane,
poti dzuwa la Chikwawa silichenjeza, limangogwetsa.
Mphiri yopulumuka moto wa usiku imagona pansi pa mulu, ili ndi mkwiyo;
yamba wagogoda ndi ndodo, ngati pakhomo pa apongozi.

Amaseka. Ndimakonda akamaseka, chosekedwa sichiiwalika msanga.
Zuze amavala dala zotchinga miyendo chakumbuyo
kuti anyamata amukonze, iye n'kumadabwa ngati wabwera dzulo,
chikhalirecho chino n'chaka chake chachikhumi.

Lachinayi lina Fatsileni wophika tiyi anandinong'oneza:
kaone mwendo wa Alufandika.
Ndinamupeza kuseri kwa ngalande
akumanga msongolo ndi kansanza ka chitenje,
bala la masiku anayi, lotupa,
ntchentche zitayamba kale msonkhano.
Bwanji sunanene?
Anayang'ana kugeti.
Mayi, kwatsala masiku 17 kuti tifike 200,
abwana analonjeza mbuzi.
Ine ndikhale wothira mchenga m'ndiwo za anthu?

Ndinamukweza kabaza mpaka kuchipatala.
Pobwerera ndinayenda wapansi,
mwaye wa nzimbe ukugwera pa malaya anga ngati mvula yakuda,
ndikuwerenga mabala amene choko changa chinaphimba:
chala cha Dinyero chimene akuti chinapanidwa ndi chitseko kunyumba,
chizungulire cha Nsayi chimene tonse tinachitcha malungo.

Lachisanu ndinanyowetsa nsanza, ndinafufuta zonse,
ndinalemba 0 wamkulu ngati tayala la thirakitala.
Abwana anaima, injini ikulirabe.
Wandichititsa manyazi.
Ndinati, mbuzi ibwere ndithu,
koma adye ndi amene akunena, osati amene akubisa.

Tsopano pa mthethe paja papachikidwa kope la pasukulu,
dzina lake Kunangotsala Pang'ono.
Wodziwa kulemba amalembera mnzake:
thirakitala inabwerera m'mbuyo osaliza hutala,
chigwiriro cha chikwanje chikugwedera,
mgolo wa madzi unafika dzuwa lili paliwombo.
Lolemba lililonse timawerenga mokweza, osatchula dzina la munthu,
n'kufunsana, tikonze chiti sabata ino, nanga akonze ndani?
Zina zimakonzeka tsiku lomwelo.
Za hutala tinaziwerenga masabata atatu
mpaka makaniko anatopa ndi kumva za iye mwini.
Masamba ena ali ndi girisi, ena thukuta,
pa tsamba lina wina anandijambula ine, mlomo mpaka m'makutu.

Alufandika wabwerera, akutsimphina pang'ono.
Ndi iye amene amaphunzitsa atsopano za zotchinga miyendo.
Salankhula zambiri.
Amangopinda buluku, n'kudikira.

Shire akadzakwiya m'Januwale adzanyamula bolodi lija
monga ananyamulira lakale, ulendo wa ku Chiromo.
Tidzakhoma lina.
Kope lokha ndimapita nalo kunyumba mvula ikayandikira,
nditalikulunga m'jumbo, pamwamba pa kabati.

Lero bolodi likuti 9.
Ndi kanambala kakang'ono, mbuzi ili kutali,
koma podutsa pa geti
ndimatha kukayang'ana m'maso.